Musanamenye mwana, yambani mwafunsa mabatire

Aliyense yemwe adafikako kwa Sorgin, m'dera la mfumu yaikulu Mbenje m'boma la Nsanje, mwezi wa Okutobala akudziwa kuti dzuwa la kumeneko silinyengerera munthu. Ikamakwana 10 koloko m'mawa malata amakhala ayamba kale kuthetheka, mbuzi zabisala pansi pa ngolo, ndipo ukagwira chitseko cha galimoto umachotsapo dzanja msanga ngati wakhudza mbaula. Lidali tsiku lotere, Loweruka masana, pomwe ndidatsika minibasi pamalopa kukaona amalume anga omwe ali ndi kagolosale m'mbali mwa msewu wa M1 komanso kanyumba koonetsera mpira kuseri kwake.

Ndidapeza pakhomo pali chipwirikiti. Msuweni wanga wa zaka 9 adali atakhala pansi pa mtengo wa nimu akusisima, m'miyendo muli mikwingwirima ya kamtengo. Anyamata ambirimbiri adali ataunjikana pakhomo pa kanyumba ka vidiyo, ena akuitanitsa ndalama zawo. Mpira wa ku England udali utangotsala pang'ono kuyamba, koma pa kanema padali zidole zikuthamangitsana, ndipo zidali zitakaniratu kuchokapo. Amalume adali ndi rimoti m'manja, akuimenyetsa pachikhatho, kuiloza kudikoda, kuimenyetsanso, thukuta lili kamukamu.

"Wafika bwino mphwanga? Taona zomwe wachita mnzakoyu. Dzulo rimotiyi imagwira bwinobwino, lero m'mawa waoneramo zidole zakezi, basi yafa. Ndigula ndi chiyani ina?" adatero amalume, osandipatsa ndi mpando womwe.

Ndidapempha kuti ndiione. Nditatsegula kachitseko ka kumbuyo ndidapeza mabatire awiri osiyana mitundu, limodzi litatupa ndipo litatuluka zoyerayera ngati mchere zomwe zidamata pa kasipuling'i. Ndidafunsa kuti mabatirewa adaikamo liti. Amalume adati sakukumbuka. Apa mpomwe mayi a m'nyumbamo, omwe nthawi yonseyi adangoti phee pakhonde akusankha nyemba, adayankhula motsitsa mawu.

"Abambo, si inu nomwe mudachotsa mabatire usiku magetsi atathima, n'kuika mu tochi pokaona mbuzi m'khola? M'mawa mwabwezeramo aja akale adali pawindo."

Tidatenga mabatire awiri atsopano pa shelefu ya golosale yomweyo, tidapala kasipuling'i ndi nsonga ya mpeni, ndipo zidole zija zidachoka. Mpira tidaupeza utadutsa kale mphindi 15, theka la anyamata aja litapita kale kwa mnzawo wina wa vidiyo kumsika. Amalume sadapepese, monga mukudziwa akuluakulu athu. Adangotsegula botolo la chakumwa chozizira n'kumupatsa mwana uja. Iye adamwa, koma mikwingwirima ija idakhalapobe mpaka tsiku lomwe ndimabwerera ku Blantyre.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu awerengi mukuti mtolankhaniyu wasowa cholemba. Anthu a ku Nsanje ali ndi mavuto a madzi osefukira, njala ndi kukwera mitengo kwa zinthu, iye akutiuza za rimoti? Ndikumva. Koma kachipangizo kameneka kamayambitsa ndewu m'mabanja, kamalandisa ana zikwapu, kamatayitsa anthu ndalama zomwe akadagulira ndiwo, ndipo kwa munthu ngati amalume anga ndi khasu lomwe amalimira. Chomwe ndikufuna kunena ndi chakuti nthawi zambiri rimoti yomwe timati yafa imakhala ili moyo, ndipo timalipira kusadziwa kwathu kokha. Mbali ina ya kusadziwako ndi yathu, koma mbali yaikulu ndi ya omwe amatigulitsa zipangizozi osatiuza m'chinenero chathu momwe zimagwirira ntchito.

Tiyambe ndi kuchotsa matsenga. Kutsogolo kwa rimoti kuli kababu kakang'ono. Mukadina batani, kababuko kamaphethira mofulumira kwambiri ndi kuwala kotchedwa infrared komwe maso a munthu sangakuone. Batani lililonse lili ndi kaphethiridwe kakekake, ndipo kutsogolo kwa dikoda kuli kadiso komwe kamawerenga kuphethirako n'kudziwa kuti mwini wake akufuna tchanelo china kapena akufuna kukweza mawu. Basi, nkhani yonse ndi imeneyi. Rimoti ndi tochi chabe. Siilankhula ndi dishi ili padenga ija, siilankhulanso ndi setilaiti ili kumwamba. Choncho ikakana kugwira, mafunso ndi omwewo omwe mungafunse tochi ikakana kuyaka: kodi mabatire ali ndi moto, kodi akukhudza bwino, kodi babu ndi lamoyo, nanga pali chomwe chatchinga?

Mwina tidziwitsane pang'ono kuti mavutowa sadayambe ndi ife. Kampani ya Zenith ya ku America idatulutsa rimoti yake yoyamba mu 1950, ndipo idali ndi chingwe chomwe anthu ankapunthwa nacho pabalaza. Mu 1955 katswiri wina wa kampaniyo, Eugene Polley, adapanga ina yopanda chingwe yomwe inkawalitsa ngati tochi yeniyeni, koma dzuwa likalowa pawindo kanema ankatha kusintha yekha tchanelo. Chaka chotsatira mnzake Robert Adler adapanga yogwiritsa ntchito kaphokoso komwe khutu la munthu silimva. Chosangalatsa n'chakuti imeneyi sinkafuna mabatire m'pang'ono pomwe, ndipo ndikamaganiza za msuweni wanga uja ndimalakalaka akadaisiya choncho. Za infrared zomwe tili nazo lerozi zidafala kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ife tisanakhale n'komwe ndi kanema wathuwathu, poti Television Malawi idayamba kuonetsa mu 1999.

Tsono pa mabatire mpomwe pagona nkhani. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa theka m'dziko muno amaunikira m'nyumba ndi matochi a mabatire, pomwe omwe amaunikira ndi magetsi adali pafupifupi 11 okha pa 100 alionse. Izi zikutanthauza kuti batire ndi katundu wosowa pakhomo, ndipo limayendayenda ngati mchere wobwereka: lero lili mu rimoti, usiku mu tochi, mawa mu kawailesi ka agogo. Likamabwerera mu rimoti limakhala litatopa, kapena limabwera ndi mnzake wachilendo. Kuphatikiza batire latsopano ndi lakale n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa latsopanolo limakakamiza lakalelo kugwira ntchito litatha kale mphamvu, mapeto ake lakalelo limaphulika m'kati n'kuyamba kudontha. Zoyerayera zomwe ndidapeza mu rimoti ya amalume zidachokera pamenepo.

Palinso miyambo yathu ija yomwe tonse tidakula nayo. Kuluma batire ndi mano. Kuliyanika padzuwa kapena pafupi ndi moto. Kumenyetsa rimoti pabondo. Sindikana, zimaoneka ngati zikuthandiza, ndipo pali chifukwa chake. Batire likatenthedwa mankhwala a m'kati mwake amachangamuka kwa kanthawi, ndipo rimoti ikamenyedwa mabatire amasuntha pang'ono n'kupala dzimbiri pomwe akhudzana ndi zitsulo. Koma phindu lake ndi la mphindi zochepa, pomwe chiwonongeko chake n'chokhalitsa. Batire lolumidwa limang'ambika chikopa n'kudontha, osanenanso za mankhwala omwe mukuika m'kamwa. Ndipo m'kati mwa rimoti muli tizipangizo tomatidwa ndi mtovu pa kabolodi kopyapyala. Kumenya kulikonse kumagwedeza timfundo timeneti, tsiku lina kamodzi kamathyoka, apo ndiye rimoti yafadi, mwaipha ndinu.

Kutentha kwa ku Chigwa cha Shire kumawonjezera vutoli. Ku Ngabu, Bangula ndi ku Nsanje si zachilendo kuti kutentha kupitirire madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo m'kagolosale ka malata kamakhala koposa pamenepo. Batire limataya mphamvu lokha ngakhale lisakugwira ntchito, ndipo kukatentha limataya msanga. Ndiye kuti mutha kugula batire lomata bwinobwino m'pepala lake koma litafooka kale pa shelefu. Pa batire kapena pa pepala lake pamalembedwa mwezi ndi chaka chomwe liyenera kukhala litagwiritsidwa ntchito. Ndi angati mwa ife amayang'ana? Timayang'ana pa botolo la mankhwala a mwana, mwinanso pa paketi ya mkaka, koma pa batire ayi.

Musanyengekenso ndi mawu aja akuti "Heavy Duty" kapena "Super Heavy Duty" olembedwa mochititsa kaso pa mabatire otchipa. Amenewa ndi a mtundu wakale, omwe chikopa chake cha zinki chimadyeka pomwe batire likugwira ntchito, n'chifukwa chake sachedwa kudontha akatha. Mu rimoti amagwira ndithu poti rimoti siidya moto wambiri, koma amafuna kuwayendera pafupipafupi ndi kuwachotsa akangoyamba kufooka. Olembedwa kuti "Alkaline" ndi okwera mtengo koma amakhalitsa. Nawonso amadontha akaiwalidwa m'kati kwa nthawi yaitali. Ngati mukuchoka pakhomo kwa masabata angapo, monga amachitira anzathu opita kukalima ku madimba, chotsanimo mabatire.

Zikadontha kale musataye mtima. Zoyerayera za mabatire a alkaline zimasungunuka ndi madzi a ndimu kapena viniga, pomwe zonyowa za mabatire otchipa aja zimafuna soda, yemwe uja wophikira therere, wosungunula m'timadzi pang'ono. Kulungani kathonje kunsonga ya kamtengo ka machesi, thonje poti kuno ndiye kwawo, nyowetsani pang'ono, pukutani zitsulozo, kenako palani dzimbiri ndi kampeni mpaka chitsulo chiwale. Dikirani ziume musanaikemo mabatire ena. Mukatha sambani m'manja ndi sopo ndipo musagwire m'maso. Ngati kasipuling'i kafooka, kakokeni pang'ono kuti kazikankha batire mwamphamvu. Onetsetsaninso kuti mutu wa batire waloza komwe kuli chizindikiro cha +, chifukwa usiku mumdima ambiri timaika chozondoka.

Nanga mwaika mabatire atsopano koma sizikutheka? Apa pali njira yomwe ndimadabwa kuti ambiri saidziwa pomwe chipangizo chake chili m'thumba mwawo. Tsegulani kamera ya foni, lozetsani kababu ka rimoti ku kamerayo, dinani batani lililonse uku mukuyang'ana pa sikirini ya foni. Kamera imaona kuwala komwe maso athu saona, ndiye ngati rimoti ili moyo muona kababuko kakuphethira moyera kapena mofiirira. Mafoni ambiri omwe tili nawo m'midzimu amaonetsa bwino lomwe. Ena okwera mtengo amatchinga kuwalaku ku kamera ya kumbuyo, ndiye yesani ya kutsogolo. Yesani mabatani onse limodzilimodzi. Mayeso a mphindi imodzi amenewa akadachitika m'mawa uja kwa Sorgin, kamtengo kaja sikakadathyoledwa.

Mukapeza kuti mabatani ena akuphethira pomwe ena ayi, vuto ndi litsiro. Pansi pa batani lililonse pali kadontho kakuda komwe kamakhudza bolodi mukadina. Fumbi la chilimwe, thukuta, mafuta a nsomba ya mlamba yomwe timadya uku tikusintha matchanelo, tiyi yemwe adatayikira mwezi watha, zonsezi zimalowa n'kupanga phala lomata pakati pa kadonthoko ndi bolodi. Mudzaona kuti oyamba kufa ndi mabatani omwe timadina kwambiri: lokweza mawu, losintha tchanelo ndi la OK. Chotsani mabatire, masulani tizomangira ngati tilipo, tsegulani rimoti mosamala ndi kampeni kosathwa. Mphira wa mabatani uja mutha kuutsuka ndi madzi a sopo ndi mswachi wakale, koma bolodi musaliviike m'madzi, lipukuteni ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti wofiirira uja wa m'sitolo. Zonse ziume pamthunzi. Ngati kadontho kakuda kaja kaperepeseka, kukanda ndi pensulo kumakadzutsa kwa masiku angapo, ndipo amisiri ena amamatapo kachidutswa ka pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya.

Amayi ambiri amakulunga rimoti m'pepala la pulasitiki ikadali yatsopano. Anzanga a m'tauni amaseka kuti ndi uchimidzi. Ine ndimati amayiwa ndiwo anzeru, bola pulasitikiyo ikhale yoonekera ndipo kutsogolo kwa kababu kusamatidwe ndi tepi yakuda kapena yothimbirira.

Tsono pali nthawi yomwe rimoti ikuphethira bwinobwino pa kamera koma dikoda ili duu. Apa siyani rimoti, yang'anani dikoda. Kodi kadiso kake sikadatchingidwe ndi kansalu koluka kaja timakongoletsera pabalaza, kapena vazi ya maluwa, kapena fumbi? Kodi dzuwa silikuwomba pamenepo kuchokera pawindo kapena pa bowo la malata? Kuwala kwa dzuwa kuli ndi infrared wochuluka moti kadisoko kamachita khungu, chimodzimodzi munthu yemwe wawalitsidwa ndi galimoto usiku. Mababu ena opulumutsa magetsi, aja opindikapindika, nawo amasokoneza akakhala pafupi. Zimitsani babu, tsekani windo, yandikirani, yesaninso.

Chinanso n'chakuti dikoda ndi kakompyuta, ndipo imatha kuuma mutu makamaka magetsi akamathimathima kapena batire la sola likafooka madzulo. Mankhwala ake ndi kuzula pulagi kukhoma, kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kubwezeretsa. Ngati dikoda yanu ili ndi mabatani kutsogolo, yesani amenewo. Akagwira pomwe rimoti yamoyo ikukanika, ndiye kuti mwina kadiso kaja kafa, kapena rimoti ndi dikoda sizikumvana chinenero. Marimoti ena amakhala ndi batani losankhira ngati mukulamula kanema kapena dikoda, ndipo mwana akalidina mwangozi rimoti imayamba kulankhula ndi chipangizo china. Uku si kuwononga, n'kudina batani limodzi basi, ndipo kukonza kwake n'kudinanso batani limodzi.

Tisasokonezenso matenda. Ngati pa kanema palembedwa kuti palibe siginolo, kapena kwa omwe ali ndi DStv patuluka E48-32, rimoti ilibe mlandu. Imeneyo ndi nkhani ya dishi yomwe yasunthidwa ndi mphepo, chingwe chomwe chadyedwa ndi makoswe kapena chalowa madzi, kapena mtambo wa mvula yamphamvu womwe ukadutsa zithunzi zimabwerera zokha. Pakatuluka E16 ndiye kawirikawiri nkhani yake ndi ya malipiro. Ndidaonapo bambo wina akugula rimoti yatsopano pomwe vuto lidali nthambi ya mtengo wa mango yomwe idakula n'kutchinga dishi.

Mwaona kuti zonse ndafotokozazi sizikufuna sukulu ya ukachenjede. Funso langa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani munthu wa kwa Mbenje ayenera kudikira mphwake wochokera ku Blantyre kuti amuuze? Tsegulani katoni ya dikoda kapena ya kanema iliyonse yomwe ili pamsika. Kabuku ka malangizo mupezamo Chingerezi, mwina Chipwitikizi, Chifalansa kapena Chitchaina, koma Chichewa ayi, Chisena ndiye musatchule n'komwe. Mauthenga otuluka pa kanema nawo ndi a Chingerezi ndi manambala. Makampani omwe amatolera ndalama mwezi ndi mwezi kuchokera kwa Amalawi, kaya ndi MultiChoice, Azam, Zuku kapena StarTimes, sangalephere kusindikiza kapepala kamodzi ka Chichewa kokhala ndi zithunzi, n'kukaika m'katoni iliyonse. Malonda awo amatha kuwalengeza m'Chichewa chomveka bwino pa wailesi. Malangizo alekeranji?

Ndipo nkhaniyi ndi ya ndalama. Masiku omwe mudalipira amawerengedwabe ngakhale dikoda itakakamira pa tchanelo cha zidole. Tonse tikukumbuka momwe nkhani ya mitengo ya kanema wolipira idafikira pokoka, mpaka mu Ogasiti 2023 kampani ya MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'dziko muno kaamba ka mkangano wake ndi bungwe la MACRA, isanabwererenso kumapeto a chaka chomwecho khoti litagamula. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja, kuyambira batire mpaka rimoti, chidakwera. Kutaya chinthu chomwe chikadakonzeka ndi ndimu ndi kathonje ndi mwayi womwe sitingaukwanitse.

Wina anena kuti marimoti ali mbwee pamsika, ingogulani ina. Zoona, alipo, ndipo nthawi zina palibe kuchitira mwina: yomwe yapondedwa ndi ng'ombe kapena yagona m'matope sabata yathunthu yapita basi. Koma ogula pamsika samalani. Ambiri mwa marimotiwa ndi ongofanizira. Kunja amafanana ndi enieni ngati mapasa, koma m'kati mphira wake ndi wopyapyala, ndipo ena salankhula chinenero cha dikoda yanu ngakhale dzina lolembedwa pamwamba likhale lomwelo. Amalume anga omwewa adagulapo ziwiri m'chaka chimodzi kwa wamalonda wina woyendayenda. Yoyamba idagwira masabata atatu. Yachiwiri idakana kuyambira tsiku loyamba, ndipo atapita kukabweza adapeza mwini wake wasamukira kumsika wina. Risiti padalibe.

Ngati mukugula, tengani rimoti yakaleyo kapena lembani nambala ya mtundu wa dikoda yomwe imakhala kunsi kwake. Uzani wogulitsa aikemo mabatire muyese ndi kamera ya foni pomwepo, ndipo mugwirizane pamaso pa anthu kuti ikakana kunyumba mubweza. Zija amati zogwira paliponse zimafuna kulowetsamo nambala yogwirizana ndi chipangizo chanu, ndiye musachoke opanda kapepala ka manambalawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, lili ndi bungwe la MBS loona za ubwino wa katundu, komanso la CFTC lomwe limalandira madandaulo a ogula. Pempho langa kwa mabungwewa ndi lakuti akamayendera masitolo asamathere ku Limbe ndi ku Lilongwe. Atsikeko Thabwa, awoloke Shire pa mlatho wa Kamuzu, aone mabatire ndi zipangizo zomwe zikugulitsidwa pa Nchalo, Ngabu, Sorgin ndi Bangula. Munthu wa kwa Mbenje sangakwere minibasi ulendo wa makilomita oposa 100 kukadandaula za rimoti, thiransipoti yokha iposa mtengo wa katunduyo, ndipo ogulitsa zachinyengo amadziwa zimenezi.

Amisiri nawo ndi nkhani ina. Pafupifupi pamsika uliwonse pali mnyamata wokonza mafoni ndi mawailesi, ndipo ambiri ndi aluso lodabwitsa lomwe adaliphunzira poonera. Koma alipo ena omwe ukawapititsira rimoti amayamba apukusa mutu, n'kunena kuti vuto ndi dikoda yonse, isiyeni mubwere Lachisanu. Akatero apukuta kasipuling'i n'kukulipiritsani ngati asintha mtima wa chipangizocho. Mwini katundu akadziwa mayeso a kamera aja, bodza lotere silimera. Bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja a m'madera, omwe boma lidayamba kutsegula mu 2015, angachite bwino kuganizira maphunziro afupiafupi a kukonza zipangizo zing'onozing'ono za magetsi ndi sola, kuti anyamata ndi atsikana a m'misika yathuyi akhale ndi pepala komanso mbiri yoti aziiteteza. Ukalipentala ndi utelala n'zabwino, koma midzi yathu yadzaza ndi madishi ndi mapanelo a sola omwe akusowa owasamala.

Kwa omwe akuti kanema ndi zosangalatsa chabe, kumbukirani Januwale 2022. Namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo pa 25 Januwale pomwe Gabadinho Mhango amagoletsa chigoli chija chapatali ku Cameroon pokumana ndi Morocco, nyumba zambiri zidali mumdima, pomwe abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa adali akuthawa madzi. Patangotha chaka ndi miyezi iwiri kudabweranso Freddy, mu Malichi 2023. M'chigwa muno uthenga wa a zanyengo ndi a nthambi ya DoDMA ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo umadzera pa wailesi, pa foni ndi pa kanema yemweyu. Nyumba yomwe ili ndi dishi ndi sola imakhala ngati bwalo la mudzi wonse. Nyengo ya mvula ikamayandikira, batire labwino mu rimoti, mu tochi ndi mu wailesi, lililonse pamalo pake, n'lofunika ngati thumba la ufa losungidwa pamwamba.

Mabatire otha aja musawataye pabwalo pomwe ana amasewera, musawaponye pamoto poti amaphulika, ndipo musawataye m'madimba kapena mumtsinje. Asonkhanitseni m'chitini chotseka, kutali ndi ana. Marimoti ena ang'onoang'ono, monga a mawailesi a m'galimoto ndi magetsi okongoletsera, amakhala ndi kabatire kobulungira ngati kandalama. Kameneka mwana akameza kamatha kuwotcha kummero m'maola ochepa, ndipo zikatero thamangirani naye kuchipatala osadikira kuti aoneke kudwala.

Koma chomwe chidandikhudza kwambiri kwa Sorgin sichidali batire. Ndi changu chomwe mlandu udagwera pa wamng'ono kwambiri pakhomopo. M'nyumba zathu zambiri rimoti ndi ndodo ya ufumu. Bambo akalowa, aliyense amadziwa kuti yapita m'manja mwawo, mayi asiye sewero lawo la ku Nigeria lili pakati, ana atuluke. Ikawonongeka, wolakwa amafunidwa kuyambira pansi kukwera m'mwamba, ndipo kawirikawiri kufufuzako kumathera pansi pomwepo. Mwana sangayankhe, wantchito sangayankhe, ndipo mayi omwe adaona zonse amayamba ayeza kaye ngati kulankhula kuli ndi phindu. Mayi aja akadapanda kutsegula pakamwa, msuweni wanga akadakula akudziwa kuti adawononga rimoti ya bambo ake, ndipo akadaopa kugwira chipangizo chilichonse. Timadandaula kuti dziko lino lilibe akatswiri a zamagetsi okwanira, pomwe mwana aliyense yemwe wayesa kutsegula chinthu kuti aone za m'kati timamulandira ndi kamtengo.

Ndisanachoke ndidamuitana mwana uja, tidatenga rimoti ziwiri zakufa zija za wamalonda woyendayenda, tidazitsegula pamphasa. Ndidamuonetsa kababu, mphira, timadontho takuda ndi momwe kamera ya foni ya mayi ake imaonera kuphethira. Imodzi idakanika ndithu. Inayo titaipukuta idayamba kuphethira mabatani onse kupatula la nambala 7.

Patapita miyezi iwiri amalume adandiimbira foni madzulo ena, mphepo itawomba kwambiri masana ake. Adati kanema wasiyanso, ndipo ndisanayankhe adapitiriza okha: "Koma rimoti ilibe vuto, mnzako wayeza kale ndi foni ya mayi ake. Akuti ndi dishi yapotoka. Ndiye ndimafunsa, munthu wokwera padenga timulipire zingati?"